Mlangizi wa mabanja sakhala mbali ya mwamuna kapena ya mkazi

Anthu ambiri akamva kuti wina akuphunzira ntchito yothandiza mabanja amene akukangana, amangoti ndi unkhoswe womwewo. Ine ndimaona kuti kusiyana kwake n'kwakukulu. Kwathu kuno mwamuna amabwera ndi nkhoswe yake, mkazinso yake, ndipo kawirikawiri nkhani imathera pa kupeza wolakwa ndi kupepesana. Mlangizi wophunzira ntchitoyi saimira aliyense mwa awiriwo, ndipo mbali yaikulu ya maphunziro ake ndi kudziletsa kuti asagamule mlandu.

Njira ina yodziwika kwambiri yothandizira mabanja ndi Emotionally Focused Therapy (uphungu woyang'ana mmene anthu akumvera mumtima), imene Sue Johnson ndi Les Greenberg anayambitsa ku Canada m'zaka za m'ma 1980. Wophunzira amauzidwa kuti asatanganidwe ndi chimene chautsa mkangano, koma aonetsetse mmene mkanganowo umabwererabwerera. Mkazi akadandaula kuti, "Bambo, ndikamalankhula inu mumangoyang'ana foni," mwamuna amangoti zii, ndipo kukhala chete kumeneko kumachititsa mkazi kukweza mawu, mawuwo n'kutulutsa mwamuna panja. Ntchito ya mlangizi ndi kuthandiza aliyense kutchula mantha amene abisala pansi pake: wina akuopa kuti sawerengeredwa, winayo akuopa kuti chilichonse chimene anganene chikhala cholakwika. Ku Seattle, ku America, katswiri wa za maganizo a anthu John Gottman atatha zaka zambiri akuonerera mabanja akukambirana, anapeza kuti mwa makhalidwe anayi amene amagwetsa banja, kunyozana ndiko koopsa kwambiri. Mu 1996 iye ndi mkazi wake Julie anakhazikitsa Gottman Institute, imene imaphunzitsa alangizi.

Komabe mabuku paokha sakwanira. M'masukulu ambiri wophunzira amajambula zokambirana zake, banjalo litavomereza, kenako amaonera limodzi ndi womuyang'anira. Apa m'pamene amadzionera yekha kuti nthawi yonseyo ankagwedezera mutu mwamuna, koma n'kumadula mkazi mawu asanamalize. Zoterezi sizioneka munthu ali m'chipindamo.

Chimene ndimachiona chofunika koposa ndi kudziwa nthawi imene sayenera kuwakhazika pamodzi. Mlangizi wophunzitsidwa bwino amakumana ndi aliyense payekha poyamba, n'kufunsa mosabisa ngati pali kumenyedwa, kuopsezedwa kapena kulandidwa ndalama. Ngati mmodzi akukhala mwamantha, kuwakhazika pamodzi n'kumuika pangozi, chifukwa zimene waulula pamaso pa mlangizi akakazilipira kunyumba usiku womwewo. Pamenepa mawu akuti "banja ndi kupirira", amene timawamva m'zikwati zambiri, apweteketsa anthu ochuluka. Ku Malawi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limalola wozunzidwa kupempha khoti kuti limuteteze, ndipo kupolisi kuli maofesi othandiza ozunzidwa otchedwa Victim Support Unit. Mlangizi ayenera kudziwa kumene ofesi zimenezi zili m'dera lake asanalandire banja loyamba.