Mtedza Wathu Uyambe Wafika m'Phala la Mwana

Chigawo cha Kum'mawa ndicho chimalima mtedza wambiri kuposa zigawo zonse za Zambia, ndipo mtedza wa Chalimbana pamodzi ndi mbewu zochokera kumalo ofufuzira za ulimi a Msekera unatchukitsa dera lathu kalekale. Komabe kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, ndipo ife a kuno sitinali kutali ndi chiwerengero chimenechi.

Mtedzawo umathera kwa mavenda. Ikangofika miyezi yokolola, banja limene lili ndi ngongole, likufuna yunifomu ya mwana komanso ndalama ya feteleza, limagulitsa matumba onse pamtengo wolira, kotero kuti pofika Januwale mwana wongoletsedwa kuyamwa amangomwa phala la ufa woyera lothira mchere basi.

Mipingo sinayambe lero kusamalira thupi la munthu kuno. Mishoni ya Magwero inakhazikitsidwa mu 1899, ndipo zipatala za St Francis ku Katete, Mwami, Nyanje ndi Kamoto zapulumutsa ana osawerengeka. Koma chipatala chimalandira mwana amene watupa kale miyendo, tsitsi litafiira. Ntchito imene ine ndimailemekeza kwambiri ndi yochitikira kumudzi mwanayo asanadwale, ndipo mpingo ndiwo uli ndi mwayi woichita, chifukwa umakumana ndi mabanja omwewo sabata ndi sabata, kumaliro, kuukwati, m'miphakati ndi m'chigwirizano cha amayi, ngakhale kumene galimoto silifika nthawi ya dzinja.

Amayi akaphikira pamodzi phala lothira nsinjiro, soya kapena chibwabwa chosinja, amaona ndi maso kuti chakudya chomanga thupi sichichokera m'sitolo. Akaphunzira kuumitsa bwino mtedza, amateteza ana ku poizoni wa chuku. Koma maphunziro okha sangatseke nkhokwe pamene ngongole ikugogoda pakhomo, n'chifukwa chake magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, onga amene a Caritas, bungwe la mpingo wa Katolika, amalimbikitsa, ndimawaona ngati mbali ya nkhondo yomweyi: mayi wobwereka kugulu sakakamizika kugulitsa thumba lomaliza. Chimanga chogawa chili ndi malo ake, monga tinaonera pa chilala cha 2024 chimene boma linachitcha ngozi ya dziko, koma sichisintha zimene zimachitika pokolola.

Pamene tikuperewera ndi pa abambo. A zaumoyo amatsindika masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, koma uthengawu umamveka kusikelo, kumene abambo safikako kawirikawiri, chonsecho m'mabanja ambiri ndiwo amalamula zogulitsa. Ndikupempha abusa, ansembe ndi akulu a mpingo kuti nkhaniyi aiyankhule paguwa mwezi wa Epulo, mavenda asanafike ndi masikelo awo, ndipo auze abambo mosabisa kuti apatule matumba a ana asanawerenge ogulitsa.