Amuna ophika mobisa

Mtauni muno muli amuna ambiri amene amaphika, kuchapa matewera, kusambitsa ana, koma zonsezi chitseko chili chotseka. Akangomva odi panja mthiko amauponya uko nkukakhala pa sofa limoti kumanja. Achimwene anga ndi mmodzi mwa amenewa. Anakhalako ku Joni, kumeneko nsima ankavundula okha zovala kuchapa okha palibe ankadabwa, ndiye atabwerako anangopitiriza poti alamu anga amagulitsa kaunjika amafika kutada ali otheratu. Ndipo kunena zoona nsima ya achimwene ndi yosalala kuposa yanga. Koma tsiku lomwe mayi anatulukira kuchokera kumudzi nkuwapeza akupakula, eee! Anawalanda chipande, amvekere "Iwe, nanga mkazi unakwatiriranji? Anakudyetsa khuzumule eti?" Alamu kungoti zyoli.

Tikamakamba za jenda timaloza abambo okha, chonsecho alonda a kukhitchini ndife azimayi tomwe. Apongozi, azilamu, alangizi pa bridal shower mpaka lero akuuzabe mtsikana woti ali pa ntchito yake kuti mwamuna ndi mwana, asakhudze poto anthu angakuseke. Koma taonani amene amakazinga tchipisi pa chiwaya m'misikamu, si amuna? Ophika m'mahotela si amuna? Amenewo timati ndi olimbikira. Pakakhala ndalama manyazi amathawa, akaphikira ana ake ndiye wadyetsedwa.

Malamulo paokha anayenda ndithu, loti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la Gender Equality Act, linabwera mu 2013, ndipo mu 2021 anasintha lamulo la ntchito kuti bambo azipatsidwa tchuthi cha masabata awiri mkazi wake akachira, kamodzi pa zaka zitatu. Kusikelo nako abambo ayamba kuoneka, ngakhale ena amangopitira poti mzipatala zina obwera awiriawiri amathandizidwa msanga, umawaona atakhala kumapeto kwa benchi maso ali pa foni. Bola abwera.

Za tchuthizo ndi zomwe zimandiseketsa. Neba wathu wina anachitenga bwinobwino, koma masabata awiri onsewo anathera pa bawo ndi kuonera mpira, kunyumba atasiya apongozi ake ndi azakhali akuthamanga ndi phala ndi madzi otentha. Nditamufunsa anati anayesa kuchapa matewera tsiku loyamba, azimayiwo anamuthamangitsa ati za chikuta si za amuna.