Lachitatu: Om wa ku ofesi ndi kolona ya amayi

Lero linayamba moipa abale. Minibasi inatisiya pakati panjira akuti mafuta atha, ndafika ku ofesi 9 koloko itadutsa kale, thukuta kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule. Mnzanga wa desiki yoyandikana, amene anayamba za yoga chaka chatha, anangondiyang'ana nkuti iwe tiye kuseri tikapange Om. Ndati aaa ndisiye, anthu angamati ndalowa za satanic. Koma anandikoka basi.

Zake sizovuta. Umakoka mpweya ndi mphuno, kenako nkumautulutsa pang'onopang'ono uku ukuti ooooo, mapeto ake nkutseka milomo mmmm mpaka mpweya uthe. Chomwe chinandiseketsa nchakuti m'chifuwa ndi m'mphuno mumanjenjemera, mano mpaka kuchita ngati akuyabwa. Tinapanga mwina kakhumi. Nditagwira pamkono kuti ndimve kagundidwe, mtima unali utabwerera m'malo mwake, mapewa nawonso atatsika.

Ine ndine munthu wosakhulupirira msanga, ndiye nthawi ya lunch ndinathera bundle yanga kuwerenga pafoni. Kani nkhani yagona pa mtsempha wina wotchedwa vagus, umachokera mu ubongo nkutsika kudzera m'khosi mpaka ku mtima, mapapo ndi m'mimba, ndipo nthambi zake zina ndi zomwe zimayendetsa kholingo tikamatulutsa mawu. Mtsemphawu uli ngati mabuleki a mtima. Tikamakoka mpweya mtima umathamangirako pang'ono, tikamatulutsa umachepetsa liwiro, ndiye ukatalikitsa kutulutsako ngati mmene Om amakukakamizira ndiye kuti waponda buleki nthawi yaitali.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi ichi. Mu 2001 dokotala wina wa ku yunivesite ya Pavia ku Italy, Luciano Bernardi, ndi anzake anayeza anthu 23 akunena mantra ya yoga (mawu obwerezabwereza ngati Om uja) komanso akupemphera Tikuoneni Maria m'Chilatini, zotsatira zake zinatuluka mu BMJ, magazini ya zachipatala ya ku Britain. Zonse ziwiri zinatsitsa kapumidwe kufika pafupifupi ka 6 pa mineti, chikhalirecho munthu wamkulu ali phee amapuma ka 12 mpaka 20. Ndipo 6 ameneyu si wamba, BP yathu payokha imakwera nkutsika pafupifupi masekondi 10 aliwonse, ndiye mpweya ukamayenda pa liwiro lomwelo ziwirizi zimavinira pamodzi, thupi nkumawongolera bwino kuthamanga kwa magazi. Eti kolona! Yomwe ija amayi anga akhala akuigwira ine ndisanabadwe.

Madzulo kunali kolona ya mphakati wathu, poti Okutobala ndi mwezi wake. Magetsi anali atathima, tinakhala pamkeka ndi kandulo imodzi, ine ndabisa foni m'chitenje stopwatch ikuyenda, Mulungu andikhululukire. Chigawo choyamba anatsogolera bambo wina amene amapemphera ngati akuthamangitsidwa ndi galu, tisanamalize kuyankha iye wayamba kale ina, ine wefuwefu, pamenepo 6 pa mineti ungomuiwala. Chachitatu anatenga amayi. Iwo amakoka mawu mwachifatse, theka lawo mpweya umodzi, ife nkuyankha Maria woyera mpweya umodzinso, ndipo pamene iwo akunena mpamene ife tikukoka mpweya. Ndinawerenga, tinkapuma ka 6 kokha pa mineti. Kamwana ka aneba kanagona pamiyendo panga tisanafike chigawo chachinayi.

Pobwerera ndinawafotokozera amayi zonse, za vagus, za Pavia, mpaka za Om wa kuseri kwa ofesi. Anangoti, "Ndiye iwe mpaka akuuze azungu a ku Italy ndi pamene ukhulupirire?" Kenako anandituma ndikawatengere madzi amwere mankhwala awo a BP, akuti amenewo sadumphitsa olo tsiku limodzi, ndipo foni ija ndisadzabwerenso nayo pa kolona, anaiona.