Zatheka abale, koma zikomo wamkulu apite kwa agogo a makiyi

Zatheka! Dzulo masana ndinaimirira pamaso pa aphunzitsi, ndinayankha mafunso awo m'Chirasha changa chothyokathyokachi, ndipo pepala langa lomaliza alilandira. Pano ndikulemba bondo lili pa pilo, maso akulemera, koma kugona ndisanathokoze ndingakhale mwana wopanda mwambo.

Za bondoli mukudziwa kale. Opaleshoni, ndodo ziwiri, ndi misewu ya mu Minsk, likulu la Belarus, nthawi yozizira, pomwe ngakhale wa miyendo yabwinobwino amaterereka. Ndinatsala pang'ono kulongedza zikwama.

Amene anandiletsa ndi agogo osunga makiyi a holo yomwe timasewereramo handball. Dzina sinditchula, zodzionetsera sazikonda, ndipo Facebook alibe. Tsiku lomwe ndinawauza kuti ine basi, ndikubwerera kumudzi, sanandiyankhe. Analowa m'kachipinda kawo kaja konunkha ulimbo womwe timapaka m'zala kuti mpira usapulumuke, natuluka ndi katoni ya nsapato yomanga ndi chingwe. M'katimo munali zidutswa za nyuzipepala zakalekale, zonse za timu ya handball ya SKA Minsk. Ndi chala chawo chokhota chija, chomwe chinathyoka ali mnyamata, anandilozera munthu mmodzi: Yuri Shevtsov, mwana wa ku Slutsk, wosewera kuphiko lakumanja.

Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade 1. Munthuyu anatenga chikho cha dziko lonse ndi timu ya Soviet Union mu 1982. Mu 1984 dziko lake linanyanyala masewera a Olimpiki a ku Los Angeles, mwayi n'kudutsa iye ali pachimake. Anadikira mpaka 1988 ku Seoul, ndi komwe anakavala mendulo ya golide. Agogo atamaliza anandifunsa kuti dokotala wati ndidikire miyezi ingati. Ndinachita manyazi, abale, ndinangoyang'ana pansi.

Mutu wa pepala langa unabadwira pomwepo: mmene wosewera amasandukira mphunzitsi wa timu. Agogowa ndi amene anandiyendetsa m'mbiri yonse. SKA Minsk kutenga chikho cha akatswiri a ku Ulaya mu 1987, 1989 ndi 1990, pansi pa mphunzitsi Spartak Mironovich, yemwe agogo akamamutchula amayamba akhudza chipewa. Kenako Shevtsov kupita ku Germany, kukakhala mphunzitsi, kutenga ligi ndi chikho chomwe ndi timu ya Lemgo mu 1997, kutenga chikho china cha ku Ulaya cha EHF ndi Essen mu 2005, kudzera ku timu ya Rhein-Neckar Löwen, mpaka kubwera kudzatsogolera timu ya dziko la Belarus mu 2009. Ndikalakwitsa chaka agogo ankagogoda tebulo kawiri, osalankhula. Ndinataya masabata awiri ndikusaka nkhani za Shevtsov za ku Germany pa intaneti osapeza kanthu, kufikira mdzukulu wawo atandiuza kuti kumeneko dzinali amalemba Iouri Chevtsov. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

Ndipo si za sukulu zokha ayi. Ankatsegula holo mbandakucha, anthu asanabwere, kuti ndiziyeserera kuyenda popanda wondiona ndikutsimphina. Iwo kumanja, khoma kumanzere, kuchokera pagolo kukafika pamzere wa mamita 6 n'kubwerera. Tsiku lomwe ndinafika pakati pa bwalo osagwira khoma, anatulutsa madraniki, tizitumbuwa tawo ta mbatatesi, atakulunga m'kansalu tikadali tofunda. Ndinadya ndikulira. Munthu si mbale wanga, chilankhulo tinkachita kutolerana, mtundu wosiyana. Ambuye, inu amene munawaika pakhomo la holo ija, muwapatse masiku ambiri, muwachotsere chifuwa chija.

Amayi, mapemphero anu a m'mawa aliwonse afika. Achemwali, ndikudziwa kuti ndalama ija inali ya malata, ndidzabweza, Mulungu ndi mboni. Mayi amene munkandiwongola bondo mpaka ndikukuwa m'Chichewa, zikomo, ngakhale nthawi imeneyo ndinkakuonani ngati mdani. Anyamata a mu timu, munandinyamula pamasitepe kangati? Zikomo.

Enanu amene munkawerenga mauthenga anga pa WhatsApp, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu, kenako zii, ndakuonani mwayamba kale kulemba kuti "timadziwa kuti uchita bwino". Chabwino, ndalandira. Ndi inu amene munkafunsa kuti handball idyetsa ndani, ena mpaka kumaganiza kuti ndinabwera kuno kudzasewera ntchemberembaye ngati ma Queens. Ndi masewera ena awa, asanu ndi awiri mbali iliyonse, pali golo ndi goloboyi, tidzakambirana ndikafika.

Dzulo nditatuluka m'chipinda cha mayeso ndinawapeza agogo ali pabenchi panja, atavala jekete yomwe sindinawaonepo nayo, makiyi ali m'manja. Akuti anangodutsa. Holo ili kutali ndi kumeneko, mabasi awiri.

Mawa ndikukawabwezera katoni yawo. Ndawerenga zidutswa zonse, palibe chasowa, ndipo pamwamba ndaikapo paketi ya tiyi wa ku Thyolo yomwe ndakhala ndikuisunga m'sutikesi chibwerereni kuno.