Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chitini cha kwa Osema

Ndiyambe ndi kuthokoza. Gawo lapita lija, la mmene ndinasiyira sukulu ndili Fomu 2 n'kutsika phiri kutsata amalume, mwalilandira ndi manja awiri. Amayi amene munalemba kuti munagula mtsuko mu 1997 kwa Osema, malo aja amene ife amisiri tinkakhala ndi kugwira ntchito pamodzi, ndipo mukumwerabe madzi mpaka lero, mwandigwetsa misozi. Inunso achimwene a ku Johannesburg amene mumandikumbutsa sabata ndi sabata kuti ndachedwa, pepani, tinali ndi zovuta kwa apongozi ku Bembeke.

Koma pali ndemanga imodzi imene yandisowetsa tulo. Wina analemba kuti amalume ndiwo anapha malo aja chifukwa anadya ndalama za m'chitini chimene tonse tinkasungiramo. Wabisa nkhope, koma ndamuzindikira. Ndinkamunyamula paphewa ali wamng'ono. Ndemangayo sindinaifufute, ndipo ndikupempha amene munayamba kumunyoza kuti mulekere pomwepo. Lero ndimuyankha ndekha.

Ambiri mukufunsa ngati kwa Osema ndi ku Mua komwe. Ayi. Ku Mua ndi kumene amalume anaphunzira ntchito. Mishoni ija inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene kwathu timangoti a Chisale, anatsegula KuNgoni kuti anthu aziphunzira kusema ndi kusunga miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Amalume anapitako akudziwa kusema mipini ndi mitondo basi. Pochokako ankasema nkhope ya munthu yoti ukaiona umafuna kuipatsa moni. Sanachokeko pa mkangano, ndipo mpaka imfa yawo ankatchula malo aja mwaulemu.

Chimene chinkawapweteka chinali cha m'mbali mwa msewu. Galimoto ya alendo ikaima, amuna akuluakulu ankathamangitsana ngati nkhuku pa madeya, wina kutsitsa mtengo kuti amugwetse mnzake, mpaka chinthu chimene munthu wasema milungu itatu chipite pa mtengo wa sopo. Amalume ankati osema sakugonja kwa ogula, akugonjetsana okhaokha. Ndiye mu 1991 ananyamula nkhuku kupita kwa anyakwawa, napempha malo kumunsi kwa Khwekhwerere, cha ku Golomoti, pafupi ndi kamtsinje kosaphwa. Anayamba mabanja asanu. Panali a Kalipentala aja a ku Angonia, amene anabwera ndi othawa nkhondo ya ku Mozambique nthawi imene Dedza ndi Ntcheu zinadzaza ndi misasa. Mtendere utabwera mu 1992 anzawo anabwerera, iwo anatsala. Panali amayi awiri oumba mbiya, agogo opanga ng'oma ndi bangwe, kenako kunabwera mnyamata wojambula uja amene ndinakuuzani kuti ankapenta ngakhale pa lichero. Dzina loti kwa Osema sitinadzipatse tokha. Anatipatsa ndi anthu a midzi yoyandikana, ndipo poyamba linali lonyoza. Ena ankati tayambitsa mpingo wopembedza mafano.

Nsima inkaphikidwa mphika umodzi. Ndalama iliyonse, kaya ya mtsuko kaya ya mpando wa mfumu, inkalowa m'chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa bedi la amalume, ndipo Loweruka lililonse tinkakhala pansi pa mkuyu, chitini n'kutsegulidwa, amalume n'kuwerenga mokweza zimene alemba m'kope. Chilichonse chosemedwa kapena choumbidwa chinkalembedwa m'kopemo chisanalowe m'shedi. Ukadula mlombwa kapena phingo unkayenera kudzala mitengo ina. Koma lamulo limene linkatisiyanitsa ndi osema ena onse linali la dzina: palibe amene ankaloledwa kulemba dzina lake pa ntchito. Amalume ankati mtengo wadula ndi wina, kasemasema wasula ndi wina, nsima imene yakupatsa mphamvu waphika ndi wina, nanga dzina likhala bwanji la mmodzi? Akuluakulu ankavomereza ndi mtima wonse. Ine ndinkavomera ndi pakamwa. Ndinali mnyamata, manja anga anali atayamba kumvera, ndipo mlendo akanyamula chimene ndasema n'kufunsa mwiniwake, amalume n'kuyankha kuti tonse, pakhosi panga pankakhala kanthu.

Zaka za pakatipo sindichedwa nazo. Referendamu ya 1993 tinaimvera pa wailesi imodzi, tonse pa mphasa. Alendo opita kunyanja, ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, anayamba kutidziwa. Tinafolera shedi ndi malata, ana onse analowa sukulu, ine ndinakwatira. Tinafika mabanja khumi ndi limodzi. Sindinaonepo malo ena kumene munthu wodwala ankagona osadandaula kuti ana ake adya chiyani.

Cholakwa chathu chinali pa munda, ndipo ndinena mosabisa ngakhale ndikunena za amalume. Tinkalima kamunda kamodzi kongotipatsa mondokwa ndi maungu, tikumati chimanga tidzagula ndi za m'chitini. Amayi oumba mbiya anachenjeza kangapo kuti ndalama sitafunidwa. Sitinawamvere.

Mvula ya kumayambiriro kwa 2001 inachuluka, minda yambiri inamira, anthu anakolola zochepa. Pofika Disembala chimanga chinali chitakwera moti tsiku lililonse unkamva mtengo watsopano, ndipo alendo anali atachepa pamsewu. Amene munalipo mu 2002 simufuna kuti ndikufotokozereni. Anthu ankakumba zitsa za nthochi, ankasinja njere za udzu, ankadya madeya amene kale tinkapatsa nkhumba. Kumapeto kwa Febuluwale Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, koma kwa ife mawuwo anafika maliro atayamba kale m'midzi. Kwa Osema tinkadya kamodzi, madzulo, phala la madeya lothira masamba a chisoso. Shedi inali yodzaza ndi njovu, mvuu, mipando ndi mbiya. Zonse zopolishidwa bwino, zopanda wogula.

M'shedimo munali mayi wa mlombwa. Ndinamusema miyezi itatu: mzimayi wobereka mwana kumbuyo, mtsuko pamutu, phazi limodzi litanyamuka ngati akuwoloka mtsinje. Chinali chinthu choyamba chimene amalume anachiyang'ana nthawi yaitali osapempha tchizulo kuti akonze penapake. Mzungu wina wogwira ntchito ku Lilongwe anali atachiona chisanathe, nandisiyira kapepala ka kumene amakhala. Anati akufuna chikhale ndi dzina la wosema.

Akazi anga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mapazi anali atatupa moti ukadina chala pankatsala dzenje. Usiku wina anadzuka kuti apite panja, nagwa pakhomo, osakomoka, kungoti miyendo inakana. Ndinawanyamula ngati mwana, ndipo kupepuka kwawo kunandiopsa kuposa kugwako. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Panalinso ena otupa pamalopo. Ndikungonena chimene chinali m'maso mwanga usiku umene ndinatenga kampeni n'kuyamba kuyeserera zilembo za dzina langa pa kathabwa.

Ndinalemba dzinalo pansi pa phazi la mayi uja, ndinamukulunga m'chitenje, n'kunyamuka tambala asanalire. Ndinanamiza anthu kuti ndikukaona amayi kumtunda. Khwekhwerere ndinakwera wapansi mpaka pa Masasa, ndikupuma pa khona iliyonse, kenako matola mpaka Lilongwe. Mzunguyo analipira osanenerera. Ndalamazo zinagula chimanga ndowa zitatu. Imodzi ndinasiya kwa amayi, ziwiri ndinalowa nazo usiku n'kukwirira m'mtsuko kuseri kwa nyumba. Tinkasinja pang'onopang'ono, anthu atagona, titayala chiguduli pansi pa mtondo kuti usamveke. Madzulo tinkapitabe pa mphika wa tonse ndi mbale zathu.

Loweruka linafika. Tinakhala pansi pa mkuyu, ambiri atatsamira chifukwa kukhala chilili kunkatopetsa. Chitini chinatsegulidwa mwa mwambo chabe, munalibe kanthu. Kenako a Kalipentala anati awerenga katundu wa m'shedi ndipo mayi wa mlombwa palibe. Panakhala zii. Ndinamva magazi akugunda m'makutu. Amayi oumba mbiya, aang'ono aja, anali atafukata mwana wawo womaliza, kamtsikana ka zaka zitatu kamene tsitsi linali litasanduka lofiirira. Anayang'ana aliyense mmodzimmodzi. Atafika pa ine ndinayang'ana nyerere pansi. Pakamwa panga panali pouma, koma mawu analipo, ndinkangofunika kutsegula. Ndinawerenga mumtima kuti ndikafika khumi ndinena. Ndinafika khumi, ndinayambanso.

Amalume anatsokomola nthawi yaitali, natseka kope. Anati: "Ndinatenga ndine. Ndinali ndi ngongole ya mankhwala, ndagulitsa, ndalipira. Ndakulakwirani."

Agogo a ng'oma anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Amayi aja sanakuwe. Anangoti, "Inu, bambo? Inu amene munatiphunzitsa?" Anadzuka ndi mwana wawo, namka. Ena anatsatira. Pansi pa mkuyu tinatsala awiri, ndipo sindinathe kuwayang'ana.

Madzulo anandipeza ku mtsinje. Anatulutsa m'thumba kathabwa kaja ka zilembo, nandipatsa. Ndinagwada m'matope n'kunena kuti amalume, mawa ndikaulula. Anati: "Iwe mphwanga, dzuka. Anthu awa ukhala nawo zaka zambiri, mwana wako adzasewera ndi ana awo. Ine zanga zatsala zochepa, dzina langa silindigwiriranso ntchito. Koma chimanga chatsalacho upite nacho ku mphika."

Apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira milungu itatu osalemba. Sindinapite nacho chonse. Ndinatapa theka, ndinakathira usiku m'dengu la kukhitchini, lina ndinasunga. Patatha masabata awiri kamtsikana kaja kanatsegula m'mimba, ndipo thupi lopanda chakudya silinalimbe. Kanamwalira Lachitatu m'mawa. Bokosi tinakhoma ine ndi a Kalipentala, ndi matabwa a m'bawa amene tinkasungira mipando. Linali lalifupi ngati la zida. Ndinapala matabwawo mpaka kusalala, ndikupalabe, a Kalipentala mpaka anandigwira dzanja kuti basi. Sindikudziwa ngati chimanga chimene ndinabisa chikanamupulumutsa. Ndafunsapo anamwino awiri pa moyo wanga, mongozungulira, ndipo palibe amene anandipatsa yankho loti ndigonere.

Mwana wathu anabadwa mu Epulo, wamoyo. Ndi uja munamuona pa chithunzi cha ukwati mu gawo lachiwiri.

Nkhani ikamayenda imanenepa. Pofika nthawi yokolola, chiboliboli chimodzi chinali chitasanduka chitini chonse, ndipo ku msika wa Golomoti ankati amalume amanga nyumba ya malata kwa mkazi wachibisira. Kope lija lili ndi ine, lachikuto chofiira, lodyedwa ndi chiswe m'mphepete. Limasonyeza kuti ndalama yomaliza inatuluka m'chitini Khirisimasi ya 2001 isanafike, ndipo inagula madeya a tonse. Amene akufuna kuliona abwere, ndimutsegulira tsamba lililonse. Amalume sanadyepo tambala ya munthu.

Anthu sanachoke tsiku limodzi. Mphika unayamba wagawika, kenako aliyense anayamba kusunga zake. A Kalipentala anawoloka kubwerera kwawo. Wojambula uja anapita ku Lilongwe kukalemba zikwangwani za magolosale. Amalume anatsala m'nyumba yawo akuwonda, mashingozi atawazungulira m'chiuno, ndipo odzawazonda anali owerengeka. Ndinkawasambitsa ndine. Kawiri konse ndinawapempha kuti andilole ndinene, kawiri konse anakana, kachiwiriko mokalipa. Anamwalira mu Ogasiti 2003. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Pamaliro pawo, mwa mabanja khumi ndi limodzi aja panabwera atatu.

Mudzafunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete atamwalira. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndikusunga mawu awo. Zoona zake n'zakuti ndinali nditayamba kudziwika, maoda ankabwera ndi dzina langa, ndipo ndinkaopa. Za lamulo la dzina lija, mpaka lero ndimaona kuti linali lolemera kwa achinyamata, ndipo anyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawalola kulemba maina awo. Koma kulemera kwa lamulo sikunandipatse chilolezo chosinja usiku ana a anzanga akugona ndi njala. Zimenezi ndi nkhani ziwiri, ndipo ndakhala ndikuziphatikiza dala kuti ndizipeza pobisala.

Tsopano iwe amene unalemba ndemanga. Kamtsikana kaja kanali mlongo wako. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndiwe unanyamula mtanda popita kumanda. Mkwiyo wako ndi woona ndipo sindikukupempha kuti uusiye. Ungouchotsa pa manda a amalume, ubwere nawo kwa ine.

Sindinafune kuti amayi ako amve izi kwa anthu a mafoni, ndiye Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi mpaka pa Lizulu, n'kutenga kabaza kupita kumudzi kwanu. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza. Maso achita khungu pang'ono, koma mawu anga anawazindikira ndisanadzitchule. Anandiyalira mphasa, ine ndinakhala pa dothi. Ndinafotokoza zonse monga ndalembera pano, kuyambira kathabwa mpaka bokosi. Sanandidule, manja awo sanaleke kuswa mtedza. Nditamaliza panapita nthawi, nkhuku zikutola makoko pafupi ndi mapazi anga.

Kenako anafunsa kuti, "Zinali ndowa zingati?"

Ndinati zitatu, amayi.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nakankhira lichero pambali. Anaitana mdzukulu wawo kuti andiperekeze mpaka pa msewu, iwo n'kulowa m'nyumba.