Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Uthenga wa maliro unandipeza ku Joni

Foni inalira ndikuthirira maluwa kwa abwana ku Randburg. Anali atsibweni. "Mphwanga, mayi ako atisiya usiku. Tikudikire, kapena tiike?"

Amene munakhalako ku Joni mukudziwa kulemera kwa funso limeneli. Popita ndinakwera basi: Dedza, Tete, kuwoloka Zambezi, Nyamapanda, Harare, Masvingo, kenako mzere wosatha uja wa pa Beitbridge, miyendo itatupa ngati mitondo. Ulendo umenewu umadya masiku awiri, ukavuta atatu. Kwathu ku Ntchisi mochale ndi kuboma, ndipo unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Maliro sakanandidikira chonchi.

Anzanga a chipereganyu anasonkha usiku womwewo, abwana nawo anandipatsa malipiro a mwezi wotsatira. Kutacha ndinali pa bwalo la ndege la OR Tambo, pasipoti m'thumba la malaya, ndikuigwiragwira. Mwamwayi mapepala anga anali bwino. Amene wapyola masiku 30 omwe amatidindira pa boda amaopa khomo limeneli, chifukwa ukatuluka amakuletsa kubwerera, ndipo ndikudziwa anyamata amene anaika makolo awo pa WhatsApp pa chifukwa chomwechi.

Titamanga malamba, woyendetsa analengeza kuti tikafika ku Lilongwe pakatha maola awiri ndi mphindi pang'ono. Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Mayi amene ndinakhala nawo pafupi anaseka. "Achimwene, mumlengalenga mulibe boda. Ndi makilomita pafupifupi 1,500 basi, chingwe chowongoka. Wotchi yanu musaikhudzenso, nthawi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi."

Makutu anatseka. Anatipatsa chakudya m'kabokosi, ine ndinangomwa madzi. Pawindo ndinkasakasaka njira ija inandizunza, koma pansi panali pofiirira pokhapokha, utsi wa moto wa m'tchire apa ndi apo, ndi mtsinje umodzi waukulu womwe mtima unandiuza kuti ndi Zambezi. Zimbabwe yonse inatha ndisanamalize n'kulira komwe.

Tinatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi dzuwa litangopendeka. Apa ndiye ulendo weniweni unayamba. Minibasi ya ku Mponela inaima kudikira kuti idzaze, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi. Pa Mponela kudikiranso. Kuchokera kuboma, njinga yamoto ya kabaza, chikwama pamiyendo, fumbi m'kamwa. Kuchoka pa Lumbadzi kukafika pakhomo pathu kunanditengera nthawi yoposa ya kuchoka ku Johannesburg kufika ku Malawi, ndipo mpaka pano zimandipwetekabe mtima.

Ndinafika kutada, amayi a chigwirizano akuimba pasiwa, adzukulu atagwirizana zoti manda akumba mbandakucha. Nkhope ya mayi ndinaiona.

Tisanamete n'komwe, abale a bambo anayambitsa nkhani ya munda wa kudambo. Imeneyo ndi ya gawo 15.