Kufulula hazy IPA m'khitchini ku Joni ndi ma hops a ku George

Ndikakonza zofulula hazy IPA, mowa wambuu wonunkhira zipatso wa mtundu wa India Pale Ale (IPA), ndimayamba ndagula ma hops, maluwa a mbewu imene imapatsa mowa kuwawa ndi fungo, ndipo ndisanafunse mtengo ndimatembenuza paketi kuti ndione chaka chimene anakolola. Moyo wonse wa mowa umenewu uli pa fungo. Ma hops akagonera nthawi yaitali, kaya dzina lake n'lotchuka bwanji, fungo la zipatso lija limathawa n'kutsala la udzu wouma, ndipo palibe luso la wofulula limene lingalibweze.

N'chifukwa chake ine, pokhala kuno ku Johannesburg, ndimadalira ma hops olimidwa ku George, m'munsi mwa mapiri a Outeniqua ku Western Cape. Mbewu imeneyi mwachibadwa imakonda madera amene dzuwa limachedwa kulowa m'nyengo yotentha, monga Germany, Czech Republic, England ndi chigwa cha Yakima ku America. Ku George masiku satalika chonchi, moti kale alimi ankayatsa magetsi m'minda kuti atalikitse kuwala. Kenako akatswiri a SAB Hop Farms anapanga mitundu yoyanjana ndi dzuwa la kumeneko: Southern Star, Southern Promise, ndipo pambuyo pake Southern Passion ndi African Queen. Amakolola mu Febuluwale ndi Malichi. Ndiye pofika Epulo kapena Meyi zinthu ziwiri zimakumana: ma hops atsopano afika m'masitolo a zipangizo zofululira, komanso kunja kwayamba kuzizira, zimene yisiti amakonda. Nyengo yanga yofulula ndi imeneyo. Mu 2017, kampani yaikulu ya mowa ya AB InBev itangogula SABMiller, mwini wake wa SAB Hop Farms, inasiya kugulitsa ma hops amenewa kwa ofulula ang'onoang'ono a ku America, ndipo kumeneko anthu anadandaula kwambiri. Ife tili nawo pakhomo, komabe ambiri amathamangira Citra, mtundu wa ma hops wa ku America wouluka ulendo wautali, nthawi zina wa zokolola za dzana. Citra watsopano ndi wabwino zedi, sindikutsutsa, koma pakati pa Citra wokhalitsa ndi African Queen wa chaka chino, ine ndimatenga African Queen.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndimathira ma hops pa nthawi imene ndimathirayo, muyenera kudziwa kumene mowawu unachokera. Mtundu wa ma hops wotchedwa Cascade utatuluka ku America mu 1972, ndipo kampani ya mowa ya Sierra Nevada itaugwiritsa ntchito mu Pale Ale yake kuyambira 1980, anthu anazindikira kuti mowa ukhoza kununkhira manyumwa. Kwa zaka zambiri mpikisano unali wa kuwawa: IPA ya ku West Coast inali yoyera ngwee ndi yowawa kwambiri. Kenako kunabwera mitundu ya ma hops yodzaza mafuta onunkhira, monga Nelson Sauvin wa ku New Zealand mu 2000, Galaxy wa ku Australia, Citra, ndi Mosaic mu 2012. Kuwiritsa ma hops otere kwa ola lathunthu n'kuwononga chuma, chifukwa mafuta aja amauluka ndi nthunzi. Ofulula a ku Vermont, makamaka John Kimmich wa The Alchemist ndi mowa wake wa Heady Topper, anasonyeza njira ina: ma hops ambiri athiridwe kumapeto, mowa usasefedwe. Pofika 2018 bungwe la Brewers Association linavomereza mowa wambuuwu kukhala mtundu pawokha.

Pa malita 20 a mowa ndimatenga makilogalamu 4.5 a chimera cha balere chosakazinga kwambiri, magalamu 500 a chimera cha tirigu ndi magalamu 800 a oats wamba wa phala. Tirigu ndi oats ndi amene amapatsa mowa thupi lofewa mkamwa, ndipo mapuloteni ake akagwirana ndi zochokera mu ma hops ndi pamene pamabadwa mbuu uja. Chimera ndimapempha kuti andigayire ku sitolo komweko.

Madzi ndimatunga usiku, malita 30, mu poto wamkulu wa malita 40. Madzi a pampopi ali ndi chlorine, amene akalowa mu mowa amasiya kakomedwe ka mankhwala. Theka la piritsi la Campden limathetsa vutolo. Ndimaonjezanso magalamu 5 a calcium chloride, chifukwa mowa uwu umafuna kuwawa kofewa, osati kobaya pakhosi.

M'mawa ndimatenthetsa madziwo kufika madigiri 70, n'kuyala m'potomo thumba lalikulu la nsalu yopyapyala, m'mbali mwake nditamanga ndi mapegi. Chimera ndimathira pang'onopang'ono ndikutakasa ndi mthiko wautali kuti chisachite mibulu, poti m'kati mwa mbulu mumakhala mouma ndipo shuga wake amatayika. Kutentha kumatsika kufika pa 67. Ndimazimitsa moto, kuvundikira, n'kufunditsa poto bulangeti kwa ola limodzi. Amene munaonapo amayi akuthira chimera m'phala la thobwa, phala lolimba lija n'kuyamba kusungunuka ndi kutsekemera, mukudziwa kale chimene chikuchitika m'potomo: chimera chikusandutsa ufa kukhala shuga. Pano kungoti themometa ndi imene imalamula. Pa madigiri 64 mowa umadzatuluka wopyapyala ndi wouma mkamwa. Pa 67 kapena 68 pamatsala shuga wina amene yisiti sangathe kudya, ndipo mowa umakhala ndi thupi.

Kutulutsa thumba ndi ntchito ya anthu awiri. Likanyowa limalemera kuposa makilogalamu 10 ndipo limatentha. Ndimaitana alamu anga: "Alamu, gwirani mbali iyo, tikweze pamodzi." Timalikhazika pa waya wa mu uvuni amene tamupingasa pamwamba pa poto kuti likhe, kenako ndimalifinya nditavala magolovesi. Madzi otsala m'potomo ndi otsekemera, onata m'zala. Gaga wotsala m'thumba amapita kwa anzathu oweta nkhuku.

Kuwiritsa kumatenga ola limodzi, poto ali wosavundikira kuti fungo lina longa la chimanga chophika lituluke ndi nthunzi. Mphindi zoyambirira musachoke pamoto, thovu limakwera mwadzidzidzi. Apa Johannesburg ili ndi khalidwe lake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, osati 100. Kuwawa kwa ma hops kumatuluka chifukwa cha kutentha, choncho muyezo womwewo umene ku Cape Town ungawawe bwino, kuno umawawa mocheperako. Kwa mowa uwu zimenezo zimandikomera. Poyamba kuwira ndimathira magalamu 10 okha a Southern Star, ongokwanira kuti mowa usakhale wotsekemera mopanda malire.

Gawo limene ndimalisamala kuposa onse limabwera moto utazima. Sindithira ma hops nthawi yomweyo. Ndimalowetsa paipi ya kopa yopindapinda yodutsamo madzi ozizira, n'kuyang'ana themometa mpaka itsike pa 80. Pamenepo ndimatseka madzi, kuthira magalamu 40 a African Queen ndi 40 a Southern Passion, n'kutakasa mozunguliza. Timibulu tobiriwira ta ma hops timayandama kamphindi, kenako timafufuma n'kumwazika, madzi onse n'kuchita biriwiri. Ndimavundikira msanga kwa mphindi 20. Pa madigiri 80 kuwawa kumangotuluka pang'ono, pomwe mafuta onunkhira amasungunukira mu mowa m'malo mothawa. Khitchini ikadzaza fungo la magalagadeya mpaka panja, musasangalale kwambiri: fungo limene mphuno ikumva m'mwambamo lachoka mu mowa ndipo silibwereramo. Ichi n'chifukwa chake chivundikiro chimakhala pafupi ndi dzanja langa.

Zikatero ndimaziziritsa mpaka madigiri 19. Kuyambira pano chilichonse chokhudza mowa, kaya chigubu, supuni, paipi ngakhale lumo lodulira paketi ya yisiti, ndimachiviika mu Star San, mankhwala ophera tizilombo. Ndimakhuthulira mowa m'chigubu chokhala ndi kampopi m'munsi, zinyalala za ma hops n'kuzisiya pansi pa poto. Hydrometer, chipangizo choyezera kuchuluka kwa shuga mu mowa, imasonyeza pafupifupi 1.060. Yisiti ndimagwiritsa ntchito wouma, paketi imodzi ya magalamu 11 ya Verdant IPA, wochokera ku mtundu wa yisiti wa ku England umene umasiya kafungo ka zipatso ndipo suumitsa mowa kwambiri. Chigubu ndimachiika m'bafa la madzi pakona yamdima, ndipo masana kukatentha ndimaponyamo botolo la madzi oundana. Yisiti akamagwira ntchito amatulutsa kutentha kwakekwake, ndipo akapyola madigiri 22 m'masiku oyambirira mowa umayamba kuluma pakhosi.

Pofika tsiku lachitatu thovu limakhala litakwera, hydrometer ili cha pa 1.025. Iyi ndi nthawi yothira ma hops ouma, magalamu 120, theka African Queen theka Southern Passion. Ena amadikira yisiti amalize kaye. Ine ndimathira akadali pantchito, pa chifukwa chimodzi chachikulu: okosijeni. Mdani wa hazy IPA ndi mpweya. Ukangolowa pang'ono, mowa wachikasu chowala uja umasanduka wofiirira ngati madzi a m'dambo, fungo la zipatso n'kuzilala. Ofulula akuluakulu ali ndi matanki otseka ndi gasi wothamangitsira mpweya. M'khitchini mulibe zimenezo, ndiye ndimalola yisiti wamoyo kuti adye mpweya umene walowa potsegula. Ndimatsegula, kuthira, kutseka, zonse m'masekondi ochepa, ndipo sinditsegulanso mpaka tsiku lothira m'mabotolo. Zoyeza zonse ndimatengera pa kampopi.

Apa pamafunika kuleza mtima. Ma hops ouma ali ndi mphamvu yophwanya shuga wolimba uja amene yisiti anamusiya, ndipo yisiti akamupeza amayambiranso kudya. Mukafulumira kutsekera mowa m'mabotolo ntchito imeneyi isanathe, gasi amachuluka ndipo botolo likhoza kuphulika. Ndimadikira mpaka hydrometer isonyeze nambala imodzimodzi masiku atatu otsatizana. Nthawi zambiri imaima pa 1.012, kusonyeza kuti mowa uli ndi mphamvu ya pafupifupi 6.3 peresenti. Zimatenga milungu iwiri kuchokera tsiku lofulula.

M'masiku odikirawa ndi pamene anzanga akumudzi amafunsa ngati mowa wambuu chonchi sunaonongeke. Funsoli ndimalimvetsa. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti mowa wa m'botolo ndi Green kapena Kuche Kuche, woyera woonekera mbali ina, kuchokera ku fakitale ya ku Blantyre imene Carlsberg inatsegula mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Mowa wambuu tinkauyembekezera m'paketi ya Chibuku kapena mumtsuko wa masese. Koma akangonunkhiza tambula amaona okha kuti uwu ndi mtundu wina. Ndipo kunena zoona, ngakhale kumene hazy IPA inachokera anthu ayamba kutembenuka. Brut IPA, yowuma kotheratu, inatulukira ku San Francisco mu 2017 n'kuzimirira msanga. Cold IPA, imene Kevin Davey anayambitsa ku Wayfinder Beer ku Portland mu 2018, inabweza kuyera ndi kuwawa koma ndi ma hops atsopanowa. Ambiri abwerera ku pilsner, ena ku mowa wa mphamvu yochepa. Ine kusinthaku ndikukulandira, chifukwa hazy IPA zina zinafika potsekemera mopyola, tambula imodzi munthu n'kukhuta. Koma chimene mowawu unaphunzitsa ofulula, chosunga mafuta a ma hops pothira mochedwa ndi kutchinga mpweya, chalowa m'mitundu yonse yatsopanoyi ndipo sichichokanso.

Tsiku lothira m'mabotolo sindisamutsira mowa m'chidebe china monga amachitira ndi mitundu ina, poti kusamutsa kulikonse n'kulowetsa mpweya. Ndimagwiritsa ntchito mabotolo abulauni a mamililita 750, otsukidwa ndi kuviikidwa mu Star San. M'botolo lililonse ndimathira magalamu 4 a shuga wamba, woyezedwa pa sikelo osati pa supuni. Pa kampopi ndimalumikiza kapaipi kofika pansi pa botolo kuti mowa ukwere mwakachetechete popanda kuthovoka, ndipo ndimadzaza mpaka patsale mpata wa chala chimodzi chopingasa. Alamu amakhala pambali ndi chotsekera, botolo likangodzaza iwo n'kukhomera chitsekerero nthawi yomweyo. Malita awiri omalizira, odzaza zinyalala zobiriwira, ndimawasiya m'chigubu. Kuwaumirira kumangobweretsa kuwawa koyabwa pakhosi.

Mabotolo amakhala m'katoni yotseka, pamalo osazizira kwambiri, kwa masiku 10 mpaka 14 kuti yisiti adye shuga uja n'kupanga gasi. Ndimayesa limodzi. Likalira "tsii" potsegula ndipo thovu likaima bwino m'tambula, onse amalowa mufiriji tsiku lomwelo, chifukwa kuzizira kumachedwetsa kufooka kwa fungo. Pothira m'tambula ndimapendeketsa botolo modekha, n'kusiya pansi kachidutswa ka yisiti.

Southern Passion ndi amene amayamba kumveka m'mphuno, magalagadeya ndi gwafa wakupsa. African Queen amabwera pambuyo, wolemererapo, ndi kafungo ka zipatso zakuda za m'tchire ndi kautomoni pang'ono. Mowawu umakoma kwambiri m'milungu inayi yoyambirira mufiriji, ndipo ukadutsa milungu isanu ndi umodzi fungo limakhala litayamba kutsika. Choncho musafulule malita 20 ngati mulibe omwa nawo. Chepetsani miyezo yonse ndi theka, mufulule malita 10, ndipo ma hops otsala muwafinye mpweya, muwamate bwino, muwasunge mufiriza.